Mimba ya Adada Hara

Sabata yatha tinaika amayi NyaLungu. Tinawaika kuno kwa Hara, kumanda a pamudzi, pambali pa amuna awo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa chifukwa chake. Ana a masiku ano anaona ngati ndi mmene zimakhalira basi: nkhalamba yamwalira pamudzi pamene inakwatiwa, yakagona pafupi ndi mwamuna wake. Ine ndinakhala pamphasa, koma mtima unali kwina. Ndinkakumbukira chaka chimene mayi ameneyu anatsala pang'ono kuthamangitsidwa pamudzi uno ngati galu wakuba mazira, kusiya ana ake m'mbuyo, ndiponso munthu amene anakana kuti zimenezo zichitike. Munthuyo anali apongozi anga, adada Yotamu Hara, mwamuna yekhayo mu Mzimba monse amene anamwalira ali ndi pakati.

Musafulumire kuseka. Komabe ngakhale museke, eni akewo sakanadandaula, poti ndiwo ankayamba.

Ine kwathu ndi ku Kasungu. Nditakwatiwa ndi a Gideoni, mwana woyamba wa adada Hara, ndinagona ndili Nabanda n'kudzuka ndili NyaBanda. Mudzi wathu uli kuseri kwa Jenda, panjira yafumbi yopita ku Edingeni. Kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayandikira apongozi ake aamuna. Ukawaona akubwera umapatuka, ukafuna kuwapatsa madzi umagwada patali n'kutuma wina. Choncho zaka zoyamba ndinkawadziwa adada monga timadziwira mvula, pomva kugunda kwake kutali. Mawu awo ankafika pachitsime iwo ali kukhola.

Anali aatali, owonda, oyenda mopendekera kutsogolo ngati akukankha chinthu. Kudzanja lamanzere kunalibe chala chapakati. Chinatsala ku Joni, mumgodi, ndipo ana akafunsa ankawauza kuti anachisiya dala kuti chiziwalonderera malo a ntchito. Chipewa chinali chimodzi chomwecho, cha kutchalitchi, cha kumaliro, cha kudambo. M'kati mwake munkakhala khadi la chipani. Masiku amenewo popanda khadi sunkalowa mumsika wa Jenda, anyamata achipani ankaima pachipata. Adada akafika ankangovula chipewa n'kuwaonetsa m'kati, anyamatawo n'kumanyada kuti mkulu uyu wawavulira chipewa. Kukhola, kumene omva anali ng'ombe ndi ife apabanja, ankati khadi analiika kumutu chifukwa ndilo linalembedwa ntchito yoganiza m'malo mwawo. A Gideoni ankachita mantha ndi pakamwa pa bambo awo, ndipo mantha amenewo anali oyenera. Anthu ankasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo.

Ndi mpingo adada ankakangana chaka ndi chaka. Akadulidwa chifukwa cha mowa ankapitabe Lamlungu lililonse, n'kukakhala benchi lakumbuyo, n'kumaimba besi mokweza kuposa onse oyera mtima aja, mpaka akulu ampingo kuwabwezera poganiza kuti mwina phokoso lichepa. Silinkachepa.

Koma chimene anthu ankawadziwira, kuyambira Jenda mpaka Manyamula, chinali mpeni. Kukakhala ukwati, maliro a munthu wamkulu, kapena ng'ombe yathyoka mwendo, ankatuma njinga kwa Hara. Za pamudzi pathu ankaphera pansi pa mtengo wa muwanga kuseri kwa khola, pamene anazikapo mtengo wa mphanda wopachikapo nyama. Wowagwirira miyendo nthawi zonse anali mng'ono wawo, a Simoni, munthu wamfupi, wamtima wapachala, amene ankatsutsana nawo pa chilichonse kupatula pa ntchito imeneyi. Akang'amba mimba, adada sankayang'ana mafuta kapena nthiti. Ankalowetsa dzanja loperewera chala lija n'kutulutsa chiwindi, kuchitembenuza, kuchisisita ndi chala chachikulu, kuchicheka pang'ono. Ankati ng'ombe imatha kukunamiza ndi chikopa chosalala, koma chiwindi sichidziwa kunama.

Tsiku lina pa ukwati wa kwa Ngwira anapeza chiwindi cholimba, chodzaza timatuza toyera. Madoda, akuluakulu a pamudzi aja, anali atakhala kale ndi mchere m'manja, poti chiwindi ndi chawo. Adada anakumba dzenje n'kuchikwirira iwo akuona. Mwini ng'ombe anatukwana mpaka thovu kukamwa, iwo akupukuta mpeni pa udzu. Mwiniyo atatopa, adada anamufunsa ngati akufuna kuti ukwati ndi maliro zikhale sabata imodzi, asavutike kuitana anthu kawiri. Awiriwo sanalonjerane mpaka mvula inagwa.

Ine anandiyandikitsa chifukwa cha wailesi. Chitumbuka chitaleka kumveka pa wailesi, nkhani zinkabwera m'Chichewa. Adada Chichewa ankachimva, anachitola kumigodi, koma cha pa wailesi ankati chimathamanga ngati chaba kanthu. Ndiye anapeza nzeru. Ankakhala pampando mbali ino ya nkhokwe, ine pamphasa mbali inayo, nkhokwe pakati pathu kuti mwambo usasweke.

"Mkamwana, wati vichi uyo?" ankafuula, kufunsa kuti wa pa wailesiyo wati chiyani.

Ine n'kumamasulira ndili kuseri. Akamva zosawakomera ankati, "Yewo, NyaBanda. Zimitsani, wayankhula chomene, apumeko."

Nkhani zikatha ankayamba kundiputa. Ankati anamva kuti kwathu kwa Achewa mwamuna ndiye amasamuka n'kukakhala kwa mkazi, ndipo zikavuta amamuikira kabulangete panja, ana n'kutsala ndi amayi awo. Ankafunsa ngati amuna akwathu amabadwa ndi ndevu kapena amachita kubwereka. Ine ndinkayankha kuti kwathu mwana amatsala ndi amene anamva kuwawa pomubala, ndipo iwo ankaseka mpaka nkhokwe kugwedezeka. Ndinawakonda mkulu ameneyu ndisanawaone bwino kumaso.

Panali nkhani imodzi imene sankaiseka. Pakati pa iwo ndi a Simoni panali m'bale wina, a Tadeyo, amene anamwalira ine ndili ndi mwana woyamba kumsana. Anayamba ndi kuwonda, maso anachita chikasu, kenako mimba inatupa n'kumanyezimira, manja ndi miyendo zitatsala ngati bango. A Simoni anapita kwa sing'anga wa kutsidya kwa malire, ndipo anabwerako ndi yankho: mkazi wa malemu, NyaMoyo, anawadyetsa chinthu chamoyo m'chakudya, ndipo chinthucho ndicho chinkakula m'mimba. Maliro atatha, madoda anakhala pa sangweni, bwalo la amuna la pakhomo pa khola, n'kugamula kuti NyaMoyo abwerere kwawo. Ana ayi. Kuno ng'ombe za lobola zikapita, ana ndi a kuchimuna. Ndinaona ndi maso angawa kamtsikana kake komaliza kakumuthamangira mpaka kudambo, azakhali n'kukabweza kakulira, kakuwaluma manja. Mpaka lero ndikamadutsa padambo pamenepo mtima umandiwawa.

Adada ndiwo anali mkulu wa banja, ndipo tsiku limenelo sanatsegule pakamwa. Patapita zaka anandiuza, nkhokwe ili pakati pathu, kuti iwo amene sankalola munthu kudya ng'ombe asanaione m'kati, anavomera mlandu wa munthu popanda kuona kanthu. Anangoti nditsegule wailesi.

Amayi NyaLungu anali mkazi wachiwiri. Mwaulemu ndi amayi anga, koma tinakalamba ngati munthu ndi mng'ono wake, ndiye mundilole ndizingoti NyaLungu. Amayi a Gideoni atamwalira, adada anakhala okha nthawi ndithu, kenako anakatenga mtsikana wa ku Manyamula, wosiyana nane pang'ono msinkhu, wofatsa, woseka atagwira pakamwa. Ankamukweza panjinga popita kutchalitchi, zimene madoda ena ankati n'kudzichotsa ulemu, ndipo azilamu ena sanamukhululukire mayiyu njinga imeneyo. Anali ndi ana atatu ang'onoang'ono pamene lamba anayamba kuwathina adada, chonsecho nkhope ikuphwa.

Tonse tinazindikira. Palibe anatchula dzina la a Tadeyo, koma akazi anzathu anasiya kupempha mchere kwa NyaLungu, ndipo pachitsime ankatunga yekha.

Tinawatengera kuchipatala cha mishoni. Adada anati ine ndipite nawo, chifukwa wothandiza dokotala kumeneko, a Mbewe, anali a ku Dedza, Chitumbuka chawo chinali cha moni basi. Nyengo imeneyo kunabwera dokotala wina wachizungu wofufuza za matenda a chiwindi. Sankapereka mankhwala. Ankangotenga magazi m'timabotolo n'kumafunsa mafunso: bambo anu anafa ndi chiyani, abale anu alipo, munadwalapo chikasu, mtedza wochita chuku mumataya kapena mumadya. Magaziwo ankawatumiza kunja. Odwala ambiri ankabisa mikono m'bulangete, chifukwa kunali mphekesera zoti magazi a anthu akugulitsidwa ku Joni, zimene aliyense ankanong'ona koma palibe ankazinena mokweza. A Simoni, amene anabwera nafe, anati mkulu wawo asayerekeze.

Adada anapinda okha mkono wa malaya. "Ku Joni ndinasiyako chala ndi thukuta," anatero. "Ngati akufunanso ndopa, magazi angawa, atenge. Mbwenu chala changa chipeze anzake."

Yankho linatenga nthawi. Tinabwerera kumudzi, tinakolola chimanga, kenako anatiitana. A Mbewe anatikhazika pakhonde, ine kumbuyo kwa adada, a Simoni ataima motsamira chipilala. Anali munthu woleza mtima a Mbewe, ndipo anayesetsa. Anati m'magazi a munthu muli tinthu tambirimbiri totchedwa mapuloteni, ndipo kamodzi mwa ito kamapangidwa ndi chiwindi cha mwana akali m'mimba mwa mayi ake. N'chifukwa chake kamapezeka m'magazi a amayi apakati. Mwana akabadwa, chiwindi chake chimaleka kupanga kanthuko. Koma chiwindi cha munthu wamkulu chikagwidwa ndi khansa chimayambiranso, ngati chaiwala kuti chinakula. Kanthu kameneko ndiko dokotala uja ankafufuza, kuti aone ngati kangakhale chizindikiro chodalirika cha matendawa, komanso ngati matendawa amatsata mtundu kapena amachokera kwina. M'magazi a adada anakapeza kochuluka.

Ndinawamasulirira adada pang'onopang'ono, ndipo anamva zonse. Anafunsa ngati pali mankhwala. A Mbewe anayang'ana pansi n'kunena kuti pamene pafikapa palibe, koma mwina tsiku lina chizindikiro chimenechi chidzathandiza kuti matenda azioneka mimba isanatupe.

"Ndiye kwa ine mwachedwa?"

"Tachedwa, bambo."

"Yewo. Mwayankhula ngati munthu." Anatambasulanso mkono. "Tenganinso, muonjezere. Kunyumba kuli ana."

A Simoni Chichewa ankachimva mwa apo ndi apo, ngati munthu wotola mtedza m'munda wokumba kale. Pa zonse zimene a Mbewe ananena anatolapo mimba, mwana ndi amayi apakati, zinazo zinawadutsa. Tsoka lake, m'Chitumbuka monganso m'Chichewa, liwu la mimba yodyera ndi la mimba ya mwana ndi limodzi, kuno amati nthumbo. A Simoni anatsogola panjinga, ndipo ife pofika kumudzi tinapeza nkhani itakhala kale pampando: azungu apima ndopa, apeza kuti a Hara ali ndi nthumbo. Muli chinthu chamoyo. Zimene sing'anga ananena za a Tadeyo, tsopano makina a azungu avomereza.

Ndinayesa kuwongola. Ndinauza amayi pachitsime, ndinauza a Simoni nditagwada, kuti a Mbewe sananene choncho. Anandiyankha kuti Mchewa sangalephere kuikira kumbuyo Chichewa chake, komanso kuti ine ndi NyaLungu ndife obwera tonse. Ndinapsa mtima, koma mkamwana amapsera mtima kukhitchini. Masana ena ndinamupeza NyaLungu akuchapa zovala za ana zimene zinali zoyera kale. Anandifunsa osandiyang'ana kuti iye akadzapita kwawo, kodi ndidzamuyang'anira kamnyamata kake komaliza, poti sikadya popanda amake pafupi. Ndinangomuthandiza kufinya.

Adada sanasinthe mbale. Azichemwali awo anayamba kubweretsa phala kuchokera kunyumba zawo, iwo n'kumabweza. Ankadya chophika NyaLungu chokha, ndipo ankadyera pakhomo poonekera, ngakhale kuti chinkalowa n'chochepa. A Simoni akamadutsa ankawaitana kuti adzalaweko, a Simoni n'kunena kuti angodya kumene.

Achinyamata ena opanda khalidwe anayamba kufunsana m'njira kuti kodi a Hara achira liti, monga timafunsira za mayi woyembekezera. Adada atamva anaseka atagwira nthiti, ndipo kuyambira pamenepo nthabwalayo anailanda. Munthu akawalonjera ankasisita mimba n'kunena kuti mwana akusewera. Ankaitanitsa dothi la chiswe ndi mandimu, ati pakati pakufuna. Ine zinkandinyansa, ndinkaona ngati akuthandiza adani a mkazi wawo. Ndinali ndisanaone kumene mpeni ukulowera.

Atayamba kulephera kuyenda okha, anaitanitsa madoda onse pa sangweni. Anawanyamula pampando. Akazi tinakhala patali, kuseri kwa mpanda, koma mawu aja, ngakhale anali atachepa, ankafikabe. Ankayankhula Chitumbuka, ine ndikungoika m'chathu.

"Simoni, mng'ono wanga, ukuti ndili ndi nthumbo?"

"Anena ndi azungu, akulu. Si ine."

"Enya. Ndipo ukuti wandipatsa ndi NyaLungu?"

A Simoni anati zimenezo zidzakambidwa nthawi yake ikadzakwana.

"Nthawi imeneyo ine ndidzakhala ndilibe pakamwa. Tikambe lero. Madoda, ndikumbutseni mwambo, mwina ndaiwala. Munthu akafa ali ndi pakati, timamuika choncho?"

Aliyense ankadziwa. Kuno, monganso kwathu ku Kasungu, mayi akamwalira ndi pakati saikidwa ndi mwana m'mimba. Amayamba amutumbula, awiriwo n'kugona padera. Koma kung'amba mtembo wa mwamuna, mkulu wa banja, chinali chinthu chosamveka, ndipo achipatala akapempha, mabanja ankakana kwamtuwagalu. Mkulu wina anayankha motsitsa mawu kuti ayi, sitiika choncho.

"Mbwenu mwagamula nokha. Ine ndine wapakati, mwanena ndinu, mudzi wonse ukudziwa. Munditumbule. Ndapangana kale ndi dokotala uja. Iye akufuna kachidutswa ka chiwindi kuti akafananize ndi ndopa zija, ine ndamuuza kuti atenge, koma mng'ono wanga akhalepo. Simoni, wandigwirira miyendo ya ng'ombe moyo wako wonse, chiwindi ukuchidziwa. Ukakapeza chamoyo, kaya ndi mwana, kaya ndi njoka, kaya ndi fulu, NyaLungu apite kwawo tsiku lomwelo, ana atsale. Ukakapeza chonga chimene tinakwirira kwa Ngwira chija, mkazi wanga adzafere pano, ndipo adzaikidwe pambali panga."

A Simoni anati kumeneko n'kunyoza thupi la mkulu. Adada anati wonyoza ndi amene anapatsa mkulu wake pakati. Madoda ena anaseka osafuna, ndipo kuseka kumeneko ndiko kunamanga mlandu. Panalibe pothawira. Akakana kutumbula, avomere kuti palibe nthumbo. Akaumirira kuti ilipo, atumbule.

Pangano limeneli linawalanda adada chinthu chimene ankachifunitsitsa. Ankanena kawirikawiri kuti adzafera pakhonde pawo, akumva ng'ombe zikulowa m'khola. Tsopano anayenera kukafera kuchipatala, pabedi lachitsulo, pakati pa alendo, chifukwa nyengo yotentha ija mtembo sukanayenda ulendo umenewo n'kubwereranso. M'mawa umene anaona kuti mphamvu zatha anauza a Gideoni kuti amange ng'ombe pangolo. Anawagoneka pamatiresi, chipewa chili pamimba. Ngolo itafika pakhola anati iime. Anayang'ana ng'ombe zawo imodziimodzi, akuzitchula maina, ndipo nthabwala panalibe. Kenako anandiitana, osati kuseri kwa chilichonse, koma pafupi, mpaka ndinaona misozi m'maso achikasu aja.

"NyaBanda, wailesi ndakusiyirani. Muzimva bwino. Anthu kuno amamva theka."

Anamwalira patangopita masiku ochepa, dzuwa lili paliwombo, NyaLungu atawagwira dzanja loperewera chala lija.

Za m'chipinda chotumbuliramo sindinazione. Anandiuza ndi a Gideoni, amene analowa pamodzi ndi a Simoni ndi mkulu wina. Akuti dokotala atatsegula, ambiri anatuluka ndi madzi, mimba n'kuphwa. Chiwindi chinali chachikulu, cholimba ngati chikuni, chodzaza zotupa. A Simoni anapempha kuti achitembenuze. Anachiyang'ana mbali zonse monga ankachitira mkulu wawo, kenako anatambasula chala chachikulu n'kuchisisita. A Mbewe anafuna kufotokoza, koma iwo anakweza dzanja kuti asavutike.

Ife tinali panja pakapinga. Akazi a kwa Hara anakhala gulu lawo, NyaLungu payekha, kamtolo ka zovala zake kali pambali, poti anachoka kumudzi atamangiratu. Ine ndinakakhala naye, onena anene. A Simoni anatuluka, anayenda molunjika kwa iye, ndipo munthu amene sindinamuonepo akutsikira mkazi ananjuta pansi.

"Mulamu," anatero, "mulije kanthu. Ntchiwindi."

Mulibe kanthu, ndi chiwindi. Anatola kamtolo kaja n'kukaika okha pangolo, kumapazi kwa malemu.

"Kwerani. Tiyeni kukaya."

Kukaya, ndiye kuti kumudzi, kwathu kwa Hara. NyaLungu, amene sanalire kuyambira masana, analira pamenepo.

Sindinganame kuti zonse zinakonzeka. Madoda anatuma anthu kwa NyaMoyo kuti abwerere kwa ana ake, koma anakana, ndipo ine sindimuweruza. Ana aja anali atakula osamudziwa. A Gideoni ndi abale awo anakapereka magazi, ngakhale a Simoni anapereka, atatsinzina ngati mwana, ndipo kapuloteni kaja sanakapeze mwa aliyense. Dokotala uja anabwerera kwawo ndi timabotolo take, ndipo kumene kafukufuku wake anakathera ife sitinamve. Ndimangoganiza kuti mwina kwinakwake kuli munthu amene anamupeza nawo msanga matendawa, mimba isanatupe, osadziwa kuti m'zimene zinamuthandiza muli kachidutswa ka munthu wa kuseri kwa Jenda. Chimene ndikudziwa bwino n'chakuti NyaLungu analera ana ake pano, anaona zidzukulu, anakalamba n'kuyamba kulongolola ngati mwini mudzi. Ndipo kuchokera chaka chimenecho palibe mkazi wamasiye amene anachotsedwa kwa Hara chifukwa cha mimba yotupa ya mwamuna wake.

Titachoka kumanda sabata yatha ndinadzera kuseri kwa khola lakale. Ng'ombe zatsala zochepa, ndipo ya pamaliro ano anakaphetsa ku Jenda n'kubwera nayo yoduladula m'matumba, chiwindi chake osadziwika amene anachiona. Muwanga ulipo. Mtengo wa mphanda uja chiswe chinaudya mbali imodzi, wapendekera kutsogolo ngati mwini wake. Mwala umene ankanolerapo mpeni wamira m'dothi, pangotsala pokumbika posalala pamene nkhuku zimamwapo madzi a mvula. Nkhokwe inagwa kalekale. Ndinaima pamene panali mbali yanga n'kuyang'ana mbali yawo, popanda chotchinga chilichonse, ndipo panali udzu basi.

Kuchokera pamenepo manda amaoneka. Zaka zonsezi, pambali pa adada panali malo osakumbidwa. Anthu ankafa, manda ankachuluka, koma okumba ankalambalala pamenepo, ngakhale achinyamata amene sadziwa chifukwa chake. Tsopano pali mulu wa dothi lofiira, wogundana ndi wawo.